Mafunso ndi mayankho okhudza mawu a Chingerezi oyamba ndi zilembo zofanana

Aliyense amene anatsegulapo mtanthauziramawu wa Chingerezi anaonapo masamba athunthu odzaza ndi mawu oyamba mofanana, monga income, include, incorrect, infant ndi ink, ndipo n'zosadabwitsa kuti ophunzira ambiri amaganiza kuti mawu otere ndi a mbumba imodzi. Nthawi zina maganizo amenewa amakhala olondola ndipo amapepusa ntchito yoloweza, koma nthawi zina amachititsa munthu kumva mosemphana ndi zimene zalembedwa pa chigubu cha mafuta, m'kabuku ka kuchipatala kapena m'kalata ya kuntchito.

Kodi mawu akayamba ndi zilembo zofanana ndiye kuti matanthauzo ake ndi apachibale?

Si nthawi zonse ayi. Mawu oti rewrite, rebuild ndi repay ali pachibale chenicheni, chifukwa onse anyamula kachigawo koti re-, kamene kamanena za kubwereza kapena kubweza: kulembanso, kumanganso, kubweza ngongole. Koma mawu oti read, red, real ndi ready, ngakhale akuyambanso ndi zilembo ziwiri zomwezo, alibe kachigawo kameneka, ndipo kufanana kwake kunangochitika mwangozi. Wolankhula Chichewa sayenera kudabwa nazo, popeza ka- wa m'mawu oti kamwana, kambuzi ndi kanyumba amachepetsa chinthu, koma palibe amene amaganiza kuti kalulu ndi “lulu” wamng'ono, kapena kuti kalata, liwu limene tinabwereka ku Chipwitikizi, ndi “lata” wochepa. Kusiyana kwake n'kwakuti m'chinenero chathu khutu limatiuza lokha, pamene m'Chingerezi tiyenera kuchita kuphunzira.

Nanga n'chifukwa chiyani mawu otere amaikidwa pamodzi m'mabuku otanthauzira mawu?

Amaikidwa pamodzi chifukwa cha ndondomeko ya alifabeti basi, ndipo ndondomekoyi sisamala za tanthauzo. Robert Cawdrey, mphunzitsi wa ku England amene m'chaka cha 1604 anatulutsa buku loyamba lotanthauzira mawu a Chingerezi m'Chingerezi chomwecho, anachita kulangiza owerenga ake kuti liwu loyamba ndi ca alifune kumayambiriro kwa chigawo cha c, ndipo loyamba ndi cu alifune chakumapeto kwake, zomwe zikusonyeza kuti kasanjidwe kameneka sikanali kozoloweka kwa anthu ambiri. Buku lakelo linali ndi mawu pafupifupi 2,500 okha. Choncho mawu awiri oyandikana pa tsamba ali ngati anthu awiri amene apezana pa mzere wa kuchigayo: akhoza kukhala abale, akhozanso kukhala osadziwana n'komwe.

Kodi tizigawo ta kumayambiriro kwa mawu timagwira ntchito yofanana m'Chingerezi ndi m'Chichewa?

Sitigwira ntchito yofanana, ndipo ili ndi gwero la zolakwa zambiri. M'Chichewa mphatikiri wa kumayambiriro kwa tsinde, amene m'malamulo a chiyankhulo amatchedwa mphatikiram'mbuyo, amasenza katundu wolemera: amasonyeza umodzi ndi unyinji monga m'mawu oti munthu ndi anthu, amasonyeza wochita ntchito ndi nthawi monga m'mawu oti ndinapita ndi adzapita, ndiponso amagwirizanitsa mawu m'chiganizo. Chingerezi chimaika zambiri mwa zimenezi kumapeto kwa liwu, monga m'mawu oti books ndi walked, kapena chimagwiritsa ntchito mawu ena oima paokha. Mphatikiri wa kumayambiriro m'Chingerezi amasintha tanthauzo lokha, kukana, kubwereza, kulowetsa, kutulutsa kapena kuwerenga, ndipo mawu ambirimbiri a tsiku ndi tsiku monga house, water ndi come alibe mphatikiri aliyense.

N'chifukwa chiyani in- amakana m'mawu ena koma osakana m'mawu ena?

Chifukwa chake n'chakuti pali aphatikiri awiri osiyana amene amalembedwa chimodzimodzi. Woyamba, wochokera ku Chilatini, ndi wokana, ndipo amafanana ndi -sa- wa m'mawu athu oti chosatheka ndi wosadziwa: incorrect ndi chosalondola, invisible ndi chosaoneka, incomplete ndi chosatha, ndipo independent ndi wosadalira wina. Wachiwiri, amene amapezeka m'Chilatini ndi m'Chingerezi chakale momwe, amanena za kulowa m'kati: include ndi kuikamo, inhale ndi kukokera mpweya m'chifuwa, invade ndi kulowerera dziko la eni mwankhondo, ndipo income ndi ndalama zolowa m'thumba la munthu.

Pa mawu onse a gulu limeneli, liwu loyenera kulisamala koposa ndi loti inflammable, limene limalembedwa pa magalimoto onyamula mafuta ndi pa mabotolo a mankhwala ena. Munthu wodalira in- wokana angaganize kuti chinthucho sichiyaka, pamene tanthauzo lake ndi chinthu chosachedwa kugwira moto, popeza liwuli linachokera ku mneni wa Chilatini woti inflammare, kutanthauza kuyatsa. Mawu oti flammable ndi inflammable amanena chinthu chimodzimodzi, ndipo chosayaka chimatchedwa non-flammable. N'chifukwa chake olemba machenjezo ambiri masiku ano amasankha flammable, kuti pasakhale wosokonezeka pa nkhani ya moto.

Palinso ena opusitsa mwa njira zina. Liwu loti inhabitable limanena malo oti anthu angathe kukhalamo, ndipo malo osakhalika ndi uninhabitable. Liwu loti invaluable lili ndi in- wokana ndithu, koma chimene likukana si kufunika kwa chinthucho. Likunena kuti n'chamtengo wapatali kotero kuti palibe angatchule mtengo wake, choncho amene wauzidwa kuti thandizo lake linali invaluable wayamikiridwa, sananyozedwe. Liwu loti infamous silinena munthu wosadziwika, koma wodziwika kwambiri ndi mbiri yoipa. Ndipo infant, kutanthauza khanda, kwa Aroma anali “wosalankhula”, ngakhale kuti lero palibe amene amamva kukana kulikonse m'liwulo.

Ena alibiretu in- wa mtundu uliwonse. Liwu loti inch linachokera ku uncia, limene m'Chilatini linali gawo limodzi mwa magawo 12, ndipo dzina loti India linachokera ku mtsinje wa Indus. Liwu loti ink ndi lodabwitsa pang'ono, chifukwa likuoneka ngati la gulu lomweli, koma olifufuza amapeza kuti linachokera ku liwu la Chigiriki lotanthauza “kuwotchera m'kati”, kudzera ku encaustum, inki yofiirira imene mafumu a Roma ankasainira makalata awo.

Kodi im-, il- ndi ir- ndi aphatikiri ena?

Ayi, ndi in- yemweyo amene wasintha kuti agwirizane ndi chilembo chotsatira. Patsogolo pa b, m ndi p amasanduka im-, monga m'mawu oti imbalance, immature ndi impossible. Patsogolo pa l amasanduka il-, monga illegal. Ndipo patsogolo pa r amasanduka ir-, monga irregular. Milomo ndi lilime ndizo zimalamula zimenezi, monganso m'Chichewa timanena mbuzi, mphepo ndi mvula koma nkhuku, ndodo ndi nsomba. Kusintha sikuchotsa vuto la aphatikiri awiri aja, popeza impossible akukana koma import akulowetsa katundu m'dziko, ndipo irregular akukana koma irrigate akulowetsa madzi m'munda.

Aphatikiri ena a Chilatini amachitanso chimodzimodzi, ndipo apa ndi pamene pagona chinsinsi cha zilembo ziwiriziwiri zimene zimavutitsa ophunzira polemba. Mphatikiri ad-, wotanthauza “ku” kapena “kulinga ku”, wabisala m'mawu oti accept, affect, allocate, announce, approve, assist ndi attend, komanso m'liwu loti arrive, limene poyamba linkanena za kufika pa gombe. Mphatikiri con-, wotanthauza “pamodzi”, ali mu collect, correct ndi committee, ndipo sub-, wotanthauza “pansi”, ali mu succeed, suffer, suggest ndi support. Liwu loti accommodation lili ndi c awiri ndi m awiri chifukwa lanyamula ad- ndi con- onse awiri. Munthu wodziwa kulekanitsa mphatikiri ndi tsinde salakwitsanso disappear, amene ali ndi s mmodzi chifukwa ndi dis- ndi appear, kapena dissatisfied, amene ali ndi s awiri chifukwa tsinde lake likuyambanso ndi s.

Popeza un- ndi in- onse amakana, n'chifukwa chiyani Chingerezi chili ndi onse awiri?

Yankho lili m'mbiri ya chinenerochi. Chingerezi chinafika ku Britain m'zaka za m'ma 400 ndi mitundu ya anthu ochokera kumene lero kuli kumpoto kwa Germany ndi Denmark, ndipo un- ndi wa chinenero cha makolo amenewo. M'chaka cha 1066 William wa ku Normandy anagonjetsa mfumu Harold pa nkhondo ya ku Hastings, ndipo kwa zaka pafupifupi 300 Chifalansa chinali chinenero cha kunyumba ya mfumu ndi cha m'makhoti, pamene Chilatini chinali cha mpingo ndi maphunziro. Mawu zikwizikwi analowa m'Chingerezi atanyamula kale in- wawo, ndipo un- sanachoke.

Zotsatira zake n'zosalongosoka, ndipo ndi bwino kuvomereza zimenezi kusiyana ndi kupeka lamulo limene kulibe. Chingerezi chimati unable koma inability, unjust koma injustice, unequal koma inequality, unstable koma instability. Chizolowezi chimodzi chothandiza n'chakuti mawu othera ndi -ed kapena -ing kawirikawiri amatenga un-, n'chifukwa chake pali undecided pambali pa indecisive. Kupitirira apo, wophunzira amangoloweza mmene eni chinenero amanenera.

Kodi unhappy, unlock, uniform ndi uncle ali ndi un- mmodzi?

Ali ndi magwero anayi osiyana. Mu unhappy muli un- wokana, ndiye kuti wosakondwa. Mu unlock, untie ndi undress muli un- wobweza zimene zinachitika, ntchito imene Chichewa chimagwira kumapeto kwa mneni, monga kutseka ndi kutsekula, kumata ndi kumatula, kuvala ndi kuvula. Mu uniform muli uni- wochokera ku unus, kutanthauza “chimodzi”, ndipo yunifolomu ndi chovala cha maonekedwe amodzi. Abale ake ndi unit, union, unique ndi university, komanso unanimous, amene amanena za anthu a mtima umodzi pa chigamulo. Khutu limathandiza pano, chifukwa uni- wa “chimodzi” amamveka ngati “yu”, pamene un- wokana samveka choncho, ndipo ndi mmene timasiyanitsira uniformed, wovala yunifolomu, ndi uninformed, wosauzidwa kanthu.

Liwu loti uncle lilibe mphatikiri aliyense mwa amenewa. Linachokera ku avunculus, limene kwa Aroma linali dzina la mlongo wake wa mayi, ndiye kuti malume enieni, ndipo mbale wa bambo anali ndi dzina lake lina loti patruus. Angerezi anasakaniza awiriwa m'liwu limodzi, pamene ife, monga Aroma aja, sitingatche bambo aang'ono kuti malume.

Kodi inter- ndi intra- amasiyana bwanji?

Mphatikiri inter- amanena za pakati pa zinthu ziwiri kapena zambiri, pamene intra- amanena za m'kati mwa chinthu chimodzi. Liwu loti international, limene Jeremy Bentham, katswiri wa za malamulo wa ku England, anapanga kumapeto kwa zaka za m'ma 1700, limanena zochitika pakati pa mayiko, ndipo intaneti ndi kulumikizana kwa makompyuta a m'malo osiyanasiyana, pamene intranet ndi ya m'kati mwa bungwe limodzi. Mankhwala otchedwa intravenous ndi olowetsedwa m'mitsempha ya magazi, monga a m'diripi. Koma interminable si wa gululi, popeza ndi in- wokana ndi tsinde lonena za kutha, ndipo amanena chinthu chosatherapo, monga msonkhano wotalika mopitirira muyeso. Mneni woti inter, kuika maliro, ndi in- ndi terra, kulowetsa m'nthaka. Olemba ndondomeko ya mwambo wa maliro ayenera kusamala kuti alembe interment, chifukwa internment, wosiyana ndi chilembo chimodzi chokha, ndi kutsekera anthu m'misasa popanda kuwazenga mlandu.

Ndi mawu ati a kuchipatala amene amasokoneza chifukwa choyamba mofanana?

Oyamba ndi ante- ndi anti-. Mphatikiri ante- ndi wa Chilatini ndipo amatanthauza “isanafike nthawi”, n'chifukwa chake sikelo ya amayi oyembekezera imatchedwa antenatal, ndipo a.m. wa pa wotchi ndi chidule cha ante meridiem, dzuwa lisanafike paliwombo. Mphatikiri anti- ndi wa Chigiriki ndipo amatanthauza “wolimbana ndi”, monga m'mawu oti antibiotic, antimalarial ndi antiretroviral, kumene kunachokera chidule choti ARV. Ndi yemweyonso amene ali m'dzina la bungwe lolimbana ndi ziphuphu la Anti-Corruption Bureau. Mawu oti anticipate ndi antique amalembedwa ndi i koma mzu wake ndi ante-, popeza woyamba ndi kuoneratu zinthu zisanachitike ndipo wachiwiri ndi chinthu chamakedzana.

Oopsa kwambiri ndi hyper- ndi hypo-, onse a Chigiriki, amene amamveka mofanana munthu akalankhula mofulumira koma matanthauzo ake ndi otsutsana. Woyamba ndi kupyola muyeso, wachiwiri ndi kutsika. Choncho hypertension ndi kuthamanga kwambiri kwa magazi, kumene anthu amangoti BP yakwera, pamene hypotension ndi kutsika kwake. Hyperglycaemia ndi kuchuluka kwa shuga m'magazi, pamene hypoglycaemia ndi kuchepa kwake. Wosamalira munthu wodwala shuga amene sanaone bwino zilembo za m'kabuku ka kuchipatala ayenera kufunsa adokotala kapena anamwino, chifukwa chithandizo cha mavuto awiriwa n'chosiyana kotheratu.

Kodi re- amatanthauza kubwereza nthawi zonse?

Amatanthauza kubwereza kapena kubwerera m'mbuyo, monga m'mawu oti refund ndi return, koma m'mawu ambiri akale tanthauzo linayenda ulendo wake mpaka kuiwala kwawo. Pofuna kusiyanitsa, olemba amaika kamzere pakati akafuna kunena kubwereza kwenikweni. Liwu loti recover ndi kuchira kapena kupezanso chotayika, koma re-cover ndi kukutanso mpando ndi nsalu yatsopano. Liwu loti resign ndi kutula pansi udindo, koma re-sign ndi kusainanso, moti nkhani ya wosewera mpira imatembenuka yonse ngati mtolankhani waiwala kamzereko: amene wawonjezera mgwirizano wake ndi timu amaoneka ngati wachoka.

M'mawu ngati receive, reduce ndi refer, chotsala tikachotsa re- si liwu la Chingerezi loima palokha, koma ndi tsinde la Chilatini limene limaonekanso ndi aphatikiri ena, monga deceive, produce ndi transfer. Wodziwa kuti -port ndi kunyamula amamva mosavuta import, export, transport, deport ndi report, amene kwenikweni ndi kubwera ndi nkhani kuchokera kumene unatumidwa.

Nanga mawu a m'maofesi ndi m'makhoti oyamba ndi pre-, pro- ndi per-?

Mphatikiri pre- amanena za kutsogola m'nthawi, monga magetsi a prepaid amene timalipiriratu. Pro- amanena za kupita patsogolo kapena kukhala kumbali ya wina. Ndipo per- amanena za kupyoza kapena kuchita mpaka pamapeto. Magulu atatu a mawu awiriawiri ndiwo amagwetsa anthu kawirikawiri. Liwu loti prescribe ndi kulembera wodwala mankhwala kapena kulamula chochita, koma proscribe ndi kuletsa. Liwu loti precede ndi kutsogola, koma proceed ndi kupitiriza. Liwu loti prosecute ndi kuzenga munthu mlandu motsata malamulo, koma persecute ndi kuzunza munthu chifukwa cha chikhulupiriro, mtundu kapena maganizo ake, ndipo andale odandaula amadziwa bwino kusewera ndi kufanana kwa mawu awiriwa. Mawu oti pretty, press ndi precious alibe pre- aliyense.

Pali ena amene amayamba mofanana chifukwa anachokeradi pa mzu umodzi, kenako n'kupatukana. Mawu oti principal, mkulu wa koleji, ndi principle, mfundo yoyendetsera zinthu, onse anachokera ku liwu la Chilatini lotanthauza “woyamba”. Liwu loti stationary ndi chosayenda, ndipo stationery ndi mapepala ndi zolembera, dzina limene linabwera chifukwa ogulitsa mabuku akale amene anali ndi malo okhazikika, osayendayenda ndi malonda, ankatchedwa stationers. Liwu loti contract lilibe contra- wotsutsa amene ali mu contradict ndi contraceptive, popeza ndi con- ndi tsinde la kukoka, ndiye kuti kukokera anthu pamodzi m'pangano.

Kodi dis- ndi mis- ndi odalirika?

Ndi odalirika ndithu pamene chotsala ndi liwu lodziwika, monga disagree, dishonest, misuse ndi misunderstand. Liwu loti disease poyamba linali kusowa mtendere m'thupi, ndipo disaster linali tsoka lobwera ndi nyenyezi yoipa. Koma dish ndi disc onse anachokera ku discus, chinthu chobulungira chaphanthi, ndipo mission ndi missile ndi a mzu wa kutuma.

N'chifukwa chiyani October ndi mwezi wa 10 pamene oct- amatanthauza 8?

Kalendala yakale ya Aroma inkayamba ndi March, choncho September, October, November ndi December analidi miyezi ya 7, 8, 9 ndi 10, ndipo mayinawo anatsalira ngakhale chaka chitayamba kuwerengedwa kuchokera mu January. Miyezi iwiri imene inkatchedwa Quintilis ndi Sextilis, ya 5 ndi ya 6, ndiyo inasinthidwa mayina polemekeza Julius Caesar ndi Augustus.

Aphatikiri a manambala ndi othandiza koma ali ndi anansi owasokoneza. Mphatikiri tri- ali mu triangle ndiponso mu tripartite, liwu limene Amalawi analizolowera pa chisankho cha patatu cha 2014, koma mulibe mu trip ndi trick. Mphatikiri dec- wa 10 ali mu decade ndi decimal, koma decide ndi declare ali ndi de-. Mphatikiri bi- wa 2 ali mu bicycle ndi bilingual, koma biology ali ndi bio-, kutanthauza moyo, ndipo Bible anachokera ku liwu la Chigiriki lotanthauza mabuku. Liwu loti biannual ndi kawiri pa chaka, biennial ndi kamodzi pa zaka ziwiri, ndipo bimonthly amanena zonse ziwiri, kawiri pa mwezi kapena kamodzi pa miyezi iwiri, moti wolemba malamulo a gulu angachite bwino kulipewa n'kulemba masiku a misonkhano momveka.

Kodi pali mawu opanda mphatikiri amene matanthauzo ake amayandikanabe chifukwa choyamba mofanana?

Alipo, ndipo akatswiri a zinenero akhala akuwafufuza kuyambira pamene J. R. Firth anawapatsa dzina loti phonaesthemes m'chaka cha 1930. Mawu ambiri oyamba ndi gl- amakhudza kuwala kapena kuona: glow, gleam, glitter, glare, glimmer ndi glance. Ambiri oyamba ndi sn- amakhudza mphuno: sneeze, sniff, snore, snort ndi snout. Ambiri oyamba ndi wr- amakhudza kupotokola: wring, wrench, wrestle, wrinkle, wrist, ngakhalenso wrong, amene poyamba ankanena chinthu chokhota. Zilembo zimenezi si aphatikiri, chifukwa tikachotsa gl- mu gleam sipatsala chilichonse cha tanthauzo, ndipo mawu monga glove, glue, snow ndi snake satsatira mkokomo umenewu. N'zothandiza pokumbukira mawu ndi pomva kukoma kwa ndakatulo, koma si zoti munthu n'kudalira pa mayeso.

Mawu ofunsira oti who, what, when, where, why ndi which ndi a banja limodzi lenileni. M'Chingerezi chakale ankalembedwa ndi hw-, ndipo ndi apachibale ndi qu- wa Chilatini amene ali mu quantity ndi quality, mawu amene anachokera ku mafunso oti “zingati” ndi “zotani”. Mawu oti white, wheel ndi wheat anangokhala nawo pa tsamba limodzi.

N'chifukwa chiyani zilembo zoyambirira za knee, write ndi psychology sizitchulidwa?

Zinkatchulidwa kale. Angerezi ankatchula k wa mu knee ndi knife mpaka cha m'ma 1600, ndipo Ajeremani amamutchulabe m'liwu lawo loti Knie, koma kalembedwe kanali katakhazikika kale chifukwa cha makina osindikizira mabuku, amene William Caxton anabweretsa ku England m'chaka cha 1476. Mawu oyamba ndi ps- ndi pn- pafupifupi onse ndi a Chigiriki, monga pneumonia, chibayo, ndi psychology, koma Chigiriki chomwecho chili ndi mizu yambiri yoyamba mofanana, moti psalm, salimo, alibe chibale ndi psych- wa maganizo, popeza anachokera ku mneni wa kuimba zeze.

Kodi n'zoona kuti mawu oyamba ndi al- ndi a Chiarabu?

Ena ndi a Chiarabu ndithu, ndipo al- wakeyo m'Chiarabu amagwira ntchito ya the wa m'Chingerezi: algebra, alcohol ndi alkali ndi zitsanzo zake. Liwu loti algorithm, limene lafala chifukwa cha makompyuta, linachokera ku dzina la al-Khwarizmi, katswiri wa masamu amene ankagwira ntchito ku Baghdad m'zaka za m'ma 800. Koma always, almost, already ndi alone ndi a Chingerezi chenicheni, opangidwa kuchokera ku all, ndipo alone ndi all ndi one atalumikizana.

Kodi munthu achite chiyani akakumana ndi liwu lachilendo?

Ayambe wachotsa chimene akuchiganizira kuti ndi mphatikiri, aone chotsala. Ngati chotsalacho ndi liwu lodziwika, monga safe mu unsafe, n'kutheka kuti waganiza bwino. Ngati si liwu loima palokha, aone ngati limapezeka ndi aphatikiri ena, monga -clude mu include, exclude ndi conclude. Kenako abwezere tanthauzo limene wapeza m'chiganizo chonse, chifukwa chiganizo ndicho chimaweruza: wowerenga kuti mphunzitsi anathokozedwa chifukwa cha invaluable service ayenera kuona yekha kuti munthu sathokozedwa pa ntchito yachabechabe. Pa zolemba za mankhwala, za malamulo ndi za ndalama, kuganizira sikukwanira, ndipo ayenera kutsegula mtanthauziramawu n'kuwerenga matanthauzo onse a liwulo, osati loyamba lokha.

Kodi zilembo zoyambirira za liwu zimatha kusintha m'kupita kwa nthawi?

Zimatha, ndipo nthawi zina chifukwa cha kumva molakwa. Liwu loti apron kale linali napron, koma anthu pomva a napron ankaganiza kuti ndi an apron, ndipo n anasamuka mpaka lero. Zomwezo zinachitikira adder, mtundu wa njoka, amene anali nadder, ndi umpire, woimbira masewero ena, amene anali noumpere. Liwu loti nickname linayenda mobwerera, popeza linali ekename, “dzina lowonjezera”, ndipo linalanda n wa an.

Mawu a Chingerezi olowa m'Chichewa nawonso amasintha mutu, chifukwa chinenero chathu chimakonda kuika chilembo cha liwu pakati pa zilembo zina zopanda liwu zoyandikana. Motero store anakhala sitolo, stamp anakhala sitampa, steamer anakhala sitima ndipo school anakhala sukulu. Mlendo wophunzira Chichewa amene wangouzidwa kumene kuti si- amakana, monga m'mawu oti sindifuna ndi sitipita, akhoza kuona sitolo ndi sitima pa tsamba limodzi ndi sitipita, n'kuyamba kufufuza kuti “tolo” ndi “tima” n'chiyani.